Tsiku Limene Akabaza Anadzaza Pakhomo Pathu

Solo, mwezi wa Novembala

Wokondedwa mwana wanga Handoko,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Koreako. Chifuwa chija chinatha? Ndamva kuti kwayamba kuzizira, uzivala zokwanira. Kuno tonse tili bwino, Mulungu akutisunga. Mvula yayamba ndipo denga la kukhitchini likudontha pomwe paja.

Ndalemba pamanja n'kupatsira mwamuna wa mnansi wathu Yanti amene akubwerera kumeneko, chifukwa ndikamayankhula nawe pafoni bambo ako amakhala pambali panga, makutu ali tcheru.

Chiyambi chake ukuchidziwa, poti kakanema kaja ka bambo ako akuyankhula pawailesi kanakupeza. A wailesi anawaitana ngati mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pantchito, kuti akakambe za chisankho cha bwanamkubwa wa chigawo chathu. Opikisana onse awiri akulonjeza kuti adzamenyera zoti petulo ndi gasi wophikira asakwere mtengo.

Bambo ako ukuwadziwa. Ananena zomwe takhala tikumva pachakudya zaka zonsezi: boma lisiye kulipirira petulo kuti azioneka wotchipa, chifukwa wopindula kwambiri ndi mwini magalimoto atatu, osati mlimi woyenda pansi. Mitengo izidziyendera yokha pamsika, ndipo wofuna kugulitsa magetsi aloledwe. Anawonjezera kuti chilandirireni ufulu, andale akhala akutigula ndi ndalama zathu zomwe. Koma wodula kakanemako anangosiya mawu akuti petulo akwere.

Lachisanu, iwo atangobwera kumzikiti, ndinamva mkokomo mumsewu. Nditasuzumira pawindo ndinaona akabaza a njinga zamoto atadzaza kuyambira pageti mpaka pakona ya telala.

Mwana wanga, iwe za 1998 umangozimva, unali kumsana. Ine ndinaona. Mafuta atakwera mtengo, sipanapite nthawi mzinda uno unayaka, ndipo sitolo ya Amayi Lian, amene ankatigulitsa mpunga, inasanduka phulusa ine ndikuona. Tsiku limenelonso zinayamba ndi phokoso mumsewu.

Ndinakhoma chitseko n'kuwapempha bambo ako kuti atulukire kuseri, apite kwa mlongo wawo. Iwo amvekere, amayi a Handoko, munthu sathawa alendo ake. Anavala malaya awo a batiki a kuukwati aja, ine ndinawamangira batani lapamwamba, iwo n'kutuluka.

Amene anali patsogolo anavula chipewa chake cha panjinga, ndipo ndinamuzindikira. Anali Darmaji, mwana wa ogulitsa tempe aja, chakudya cha soya chija, amene bambo ako anamuphunzitsa kusekondale. Anawerama n'kuwapsompsona dzanja. Kenaka amvekere, aphunzitsi, munandilepheretsa mayeso a mbiri yakale ndinakhululuka, tsopano mukufuna mundilepheretsenso petulo?

Anzake anaseka, ine mpweya n'kubwerera. Sanabwere ndi miyala. Ankafuna kumva kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Anakhala pakhonde, ena pansi, ena panjinga zawo. Ine ndinatereka tiyi mumphika waukulu n'kukazinga nthochi zonse zimene zinali m'nyumba. Matambula sanakwane, ndinakabwereka kwa aneba.

Usaganize kuti zinali zoseka zokhazokha. Bambo ako anafotokoza ngati ali m'kalasi, kuti ndalama zimene boma limathira mu petulo zikanamanga zipatala, kapena kupatsidwa m'manja mwa osauka. Wina wandevu kumbuyo anawadula, akuti ndalama zimenezo zikachoka mu petulo zidzathera m'matumba a mabwana, chipatala sitidzachiona. Akuti n'chapafupi kulankhula za msika munthu uli ndi penshoni yobwera yokha mwezi uliwonse.

Pamenepo ndinaopanso. Bambo ako anati zimenezo n'zoona, njala ya tsiku lopanda okwera iwo saidziwa, koma maganizo awo sasintha. Darmaji anati ngati zili choncho akwere kumbuyo kwake tsiku lathunthu, aone m'mene petulo amathera munthu akusaka okwera. Anagwirana chanza, ndipo nthawi ya mapemphero a chakumadzulo itakwana anapitira limodzi kumzikiti, akukanganabe.

Anapitadi Lolemba. Darmaji anawazungulitsa mzinda wonse padzuwa, ndipo wokwera akapezeka ankawatsitsa kuti adikire pansi pa mtengo. Anabwera akuyenda ngati bakha. Ndikuwapaka mafuta kumsana ndinawafunsa ngati asintha maganizo. Akuti ayi, kungoti pawailesi paja anayamba ndi mapeto. Anayenera kuyamba ndi kunena chimene munthu ngati Darmaji adzadye mwezi umene petulo adzakwere.

Anthu a mmodzi wa opikisana aja anabweranso, kufuna kuti bambo ako akayankhule pamsonkhano wawo. Anawayankha kuti angathe, bola akanene zomwe zija. Sanabwerenso.

Ndiye zija unanena zosiya ntchito n'kubwera kuno uziiwale. Palibe akutiopseza. Maliza zaka zako mwamtendere.

Koma pali chimodzi chimene ndikukupempha. Tsiku lija pafoni unawauza bambo ako kuti munthu akakalamba azikhala chete, asamachititse ana ake manyazi. Ndikudziwa kuti anali mantha, inenso ndinali nawo. Koma mawu a wandevu uja anawameza tsiku lomwelo, pamene ako adakali pakhosi. Sanandiuze kanthu. Kungoti foni ikalira amandipatsira osayang'ana n'komwe, ndiye n'kudzakhala pambali kuti amve mawu ako.

Sindikuti ugwirizane nawo. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, ndipo za magetsizo sindinagwirizane nawo ngakhale tsiku limodzi. Ungowaimbira, pafoni yawo osati yanga, uwafunse za msana. Ukafuna watsutse ndithu, kukangana amakukonda kuposa mankhwala. Koma usadzawauzenso kuti akhale chete.

Undiperekere moni kwa msuweni wako Sigit, umuuze kuti mayi ake akudandaula kuti saimba. Mlongo wako Wulan ndi ana akupereka moni. Mulungu akuteteze pamakina a kuntchito kwakoko, akupatse mphamvu, ndipo adzakubweze kwathu wamoyo.

Ndine mayi ako,
Sumarni