Andibweza pa Shimabala

Lachinayi, mwezi wa Malichi. Tsiku loipa, mpaka pano mtima ukuwira.

M'mawa ndinakwera basi ya ku Lusaka kuchokera kuno ku Kafue kukaona mkazi wanga kuchipatala, nditamunyamulira nsomba zootcha. Pa Shimabala tinapeza apolisi atatseka msewu ndi madiramu. Anatitsitsa tonse n'kutiimika padzuwa, zitupa m'manja. Wapolisi ataona kuti changa chinalembedwa Nyasalande anati, "Imwe bwererani ku Kafue, anthu akwanu ndiwo akusokoneza boma la Chitaganya." Ndinamuuza kuti ana anga onse anabatizidwira kuno, koma sanandiyang'ane n'komwe.

Tili pomwepo inafika galimoto ya mzungu wasitolo. Kumbuyo kunakhala ba Banda, kuki wake, munthu amene ndinachokera naye mudzi umodzi ku Dedza, chitupa chathu chimodzimodzi. Wapolisi yemwe uja anakankha diramu n'kumenya saluti, osafunsa kanthu. Ba Banda anandiona, nazolika.

Kani chisokonezo chimakwera basi yokha?

Ndabwerera wapansi. Mwana wanga Tereza wandifunsa ngati amake adya nsomba zija, ndipo ndamunamiza kuti adya. Zili m'chikwama momwemu, zayamba kununkha.