Kachitsulo ka a Phiri

Lachitatu. Tsiku landilemera.

Lero ndagoneka wodwala ndi mankhwala koyamba, dokotala wondiphunzitsa ataima kumbuyo kwanga. Wodwalayo anali a Phiri a ku Bwacha, omwe ankagwira ntchito pansi mgodi usanatsekedwe. Ndisanawaike masiki, anandifumbatitsa kachitsulo ka nambala yawo.

"Tikamangena pansi tinali kusiya aka pamwamba, adziwe kuti munthu akali pansi, akalibe kutuluka. Sungani, ba dokota."

Opaleshoni itatha sanadzuke msanga. Mankhwala ndinachulutsa ndine, ndipo ndakalipiridwa anamwino akumva. Nthawi yonseyo dzanja langa linali m'thumba, pa kachitsulo.

Atatsegula maso sanafunse madzi kapena akazi awo. Anangotambasula chikhatho.

Ndawabwezera. Koma mpaka pano dzanja langali likupitabe m'thumba.