Tayala la Njinga ya Yotamu

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Kambombo tilipo. Mlongo wanga Tamala wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga chinachita bwino, kungoti anyani anadya cha kudambo. Nkhokwe ndamanga ndekha, yapendekeka, mukanaseka.

Esinati, msuweni wanga namwino wa ku boma uja, wandiikira mabuku m'foni. Akuti andilimbitse mtima, poti ndi nkhani za amuna okondana mobisa. Amayi, zachabechabe! Ndawerengako, ndinatsala pang'ono kuponya foni m'chitsime. Anthu ake ali ndi magalimoto, zipinda zokhoma, makatani okhuthala, koma tsamba lililonse akulira kuti chinsinsi chikuwalemera. Chinsinsi chanji chokhala ndi kiyi? Kumapeto amagwirana manja pagulu, anthu n'kumawaombera m'manja. Wolembayo adzayese pamsika wa Chama, aone ngati apolisi amaomba m'manja. Ameneyo sanagonepo m'nyumba yoti ukatsokomola, mudzi wonse umadzakuzonda m'mawa.

Ndipo palibe buku ndi limodzi lomwe lodziwa za mchenga. Munthu wozindikira kuti phazi la njovu ili ndi ladzulo, angalephere tayala la njinga? Ya Yotamu wanga ili ndi chigamba kumbuyo, imasiya chizindikiro paliponse yadutsa. Tsiku lina amalume Gondwe anaima pakhomo, maso pansi, amvekere, "Manje njinga iyi imabwera masiku onse, igulitsa chani?" Amalume omwewo amene ana awo am'tchire adzaza ku Chifunda! Akuti mvula isanagwe ndikhale nditakwatira, apo ayi nkhani ipita kwa akulu a mpingo, ndipo munda wanu andilanda.

Atachoka ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana mzere wa tayalawo, ndiye ndinakumbukira kasesedwe kanu. M'mawa uliwonse munkasesa pabwalo, n'kupitirira ndi kanjira konse mpaka kumsewu. Anzanu akamakusekani kuti boma likulembani ntchito, inu munkangoti, "Tsache ndi langa, msana ndi wanga." Ine chitsiru ndinkayesa ndi ukhondo chabe. M'mabuku aja mayi akadziwa za mwana wake amalira, amakumbatira, amalankhula masamba awiri athunthu. Inu simunandifunsepo kanthu, munkangowerama ndi msana wopweteka uja. Ndalira, Amayi, kuposa tsiku la maliro anu.

Ineyo kusesa mpaka kumsewu sindingathe, mwamuna wogwira tsache anthu amudabwa kuposa tayala. Amalume andipezera kale mtsikana wa kwaya, wofatsa, wosadziwa kanthu. Akuti iyeyo akalowa m'nyumba muno, pakamwa pa anthu patsekeka.

Munda akafuna alande, ndikalima waganyu. Koma ndikukulonjezani, Amayi, sindidzatenga mwana wa eni ake kuti akhale tsache langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Kondwani