Magazi Anga ndi Botolo la Amayi

Lolemba, 3 Malichi

Andibaya lero. M'mawa, ndisanalawe kanthu. Akazanga akufufuza ku labu ya kusukulu kwawo: masamba ati amapha maselo ofiira a magazi, ati amawateteza. Masamba ali nawo, magazi alibe. Ndiye ine. "Ndinu athanzi, simumwa, simusuta," anatero. Kuyamikira kwa chaka chonse kumeneko. Ine wometa anthu, lezala m'manja tsiku lonse, koma kungoona singano, ndinakomoka. Ndinatsitsimuka ndili pansi, miyendo pampando.

Lachitatu, 5 Malichi

Akazanga andifotokozera tikudya. Timabotolo tina, magazi anga ndi madzi a masamba. Kamodzi, magazi ndi madzi amchere basi, koyerekezera. Maselo akaphulika, madzi amafiira psuu. Akakhala amoyo amadikha pansi, madzi mbee. Koyerekezerako sikayenera kufiira, zivute zitani. Akazanga akalephera kafukufukuyu, kubwereza chaka, fizi ina. Makina anga ometera nawo ayamba kuluma makasitomala.

Lachisanu, 7 Malichi

Amayi kushopu. Aona thonje pamkono. "Mwana wanga akumukama ngati ng'ombe!" Pamaso pa kasitomala wometedwa theka. Abwerera, abweranso ndi botolo la mankhwala awo owonjezera magazi, masamba a kuseri kwa nyumba yawo. Nawonso amamwa m'mawa uliwonse. Kuwawa kwake, abale! Akazanga anandiletsa kumwa chachilendo chilichonse, ngakhale mankhwala a mutu. Koma Amayi anaima pomwepo, manja m'chiuno, mpaka kapu itatha. Botolo ndabisa kuseri kwa matawulo. Kapu imodzi patsiku, ndalonjeza.

Lachinayi, 13 Malichi

Andibayanso. Sindinakomoke! Amayi ndi Amayi basi.

Lachisanu, 14 Malichi

Zavuta. Timabotolo tonse psuu, ndi koyerekezera komwe. Akazanga asintha mchere, atsukanso ziwiya, atukwana makina. Mkulu wa labu wawauza kuti mwina sayansi si ya aliyense. Alira kubafa, mpopi wotsegula kuti ndisamve. Ndamva. Za botolo la Amayi ndabisabe, ngati mwana wonyambita shuga. Mtima ukundiwawa.

Lamlungu, 16 Malichi

Ndaulula kwa akazanga. Ndinayamba ndasesa, ndatsuka mbale, ndasita ndi makatani omwe. Ndimayembekezera kugona pampando mwezi wathunthu. Iwo kungofunsa: "Lili kuti botololo?" Ulendo wa kulabu, Lamlungu, masilipasi kuphazi. Kundikalipira aiwala. Kapena asungira tsiku lina.

Lachiwiri, 18 Malichi

Kadontho kokha ka mankhwala a Amayi, maselo phuliphuli. Akazanga akuvina m'khitchini ndi chipande m'manja. Mkulu uja tsopano akuti "kafukufuku wathu". Wathu! Magazi anali a ndani? Andiyeza, akuti atsika pang'ono, abwerera ndikasiya kumwa. Kundibaya ayamba aimitsa. Mulungu sagona. Akazanga aimbira Amayi foni kupempha masamba ena, ndi mizu yomwe. Chifukwa chake sanawauze. Nanenso sindinafunse, ndinali ndi chimwemwe cha singano.

Lachinayi, 20 Malichi

Amayi afika ndi thumba lodzaza, atavala diresi yawo yabwino. Auza msewu wonse kuti mpongozi wophunzira wagonja, mankhwala awo akupita ku yunivesite. Chikwatirireni sindinawaonepo awiriwa akuseka limodzi chonchi. Ndinkaseka nawo.

Kenako Amayi khale pamasitepe, wefuwefu. Timasitepe tochepa tomweti. "Ukalamba," anatero. "Ndiwonjezera kapu yamadzulo."

Akazanga kuseka kunathera pomwepo. Anawagwira chibwano mwaulemu, kuwatembenuzira kowala. Maso achikasu. Ine mwana wawo, wongoyang'ana nkhope za anthu tsiku lonse, osaona.

Kukhitchini, akazanga motsitsa mawu: "Mankhwala aja akuwathera magazi. Mawa kuchipatala. Koma muwauza ndinu, ndi amayi anu."

Ndili ndi mantha, oposa a singano. Amayi ali pabalaza pano, akusankha masamba okongola oti apite kusukulu, akuimba. Andiitana kawiri kuti ndikamwe kapu yanga isanazizire. Ndiyamba ndi mawu ati?