Akakolo Anga Andiulula

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Anditsitsa m'basi. Osati pamsewu ayi, ku depoti, ndisanalize n'komwe injini.

Ndinapita ku medikolo ija ya madalaivala, poti ndakwanitsa zaka 50. Ine ndimati ndi zamasiku onse, kuwerenga zilembo pakhoma, kusaina, basi. Dokotala wandimanga chija cha pamkono, 186/108. Akuti pumani kaye. Kachiwiri, 184/106. Kachitatu sanandiuze, wangolemba.

Reece, bwana wathu wa mashifiti, amalankhula akuyang'ana pansi: "Dyson, mate, I can't put you out with those numbers." Lamulo likuti BP ikamakhala pa 180 kapena ya m'munsi ija pa 100, basi suigwira mpaka itatsika ndipo a laisensi atavomereza.

Zaka 11 ndikuyendetsa mu Birmingham muno, osakandako ngakhale galasi. Ndipo sindikumva kupweteka paliponse. Paliponse!

Ndabwerera kunyumba ku Kings Heath pa basi nambala 50, mpando wakumbuyo, yunifomu nditaiphimba ndi jekete.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Kwa GP, dokotala wathu wa m'dera, mkazi wanga Nellie ali pambali panga. Ndinamuuza kuti ndipita ndekha, iye n'kungotenga chikwama chake. Nesi wa ku ward ya sitiroko ungamuuze chiyani.

Mankhwala ake ndi amlodipine, 5mg, kam'bulu kamodzi m'mawa uliwonse. Dokotala akuti kamamasula mitsempha kuti magazi aziyenda mosapanikizika, ndipo anthu akudafe amayamba kutipatsa mtundu umenewu chifukwa ndi umene umatiyanja. Ndamufunsa kuti ndimwa mpaka liti. Wayankha mozungulira. Nellie wandimasulira m'galimoto: mpaka kalekale.

Pobwerera wagula kamakina koyezera. Mchere wachoka patebulo. Usipa wouma umene alamu anatitumizira, waupereka kwa anzake.

Loweruka, 8 Febuluwale

Mutu. Nkhope kutentha ngati ndayandikira mbaula. N. akuti zimatero masiku oyamba.

M'nyumba mwanga momwe ndasanduka bedi nambala 4. "Abambo a Tiffany, khalani tsonga. Musapingase miyendo. Musalankhule." Kenako kulemba papepala lomwe wamata pa filiji. Tiffany akadutsa popita kusukulu amawerenga mokweza: "Dad, that's still really bad." Zikomo mwanangu.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Onse akachoka nyumba imakula. Ndatsuka mbale zitatu, ndapukuta, ndazibweza. Nthawi ili 9:20 yokha.

Pawindo la kuchipinda High Street imaoneka pang'ono, pakati pa nyumba ziwiri. Mabasi akamadutsa ndimadziwa kuti uyu wachedwa ndi mphindi zinayi, uyu akuthamangitsa mnzake. Kutuluka sindikufuna. A Malawi a kuno ali ndi maso ngati a nkhwazi, akandiona masana ku shopu mawa lake nkhani ili pa gulu la pafoni la mpingo. Ndauza aliyense kuti ndili pa holide.

Lachitatu, 19 Febuluwale

174/101. Akweza mankhwala, tsopano 10mg.

Lero ndakumbuka abambo. Anayendetsa lole ya fodya zaka zambirimbiri, Kasungu–Kanengo. Tsiku lina anangogwa akumanga zingwe za nsapato. Zaka zinayi pamphasa, dzanja lopindika, mawu amodzi okha otsala mkamwa: "Iyayi." Ngakhale akufuna madzi, iyayi. Nthawi imeneyo tinkati awalodza anzawo a kuntchito. Palibe anawayezapo kalikonse.

Sindinamuuze N. kuti ndimawaganizira. Angayambe kundilalikira.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Akakolo atupa. Ndikavula sokosi pakutsala mzere ngati ndinamangidwa chingwe. Ndikadina ndi chala, dzenje limakhala pompo osabwerera. Nsapato za kuntchito ndayesa, phazi likulowa theka.

N. wayang'ana, wadina, akuti ndi mankhwalawo, si mtima ayi, ndiziika miyendo pa pilo. Ndiye ndili gone pa sofa, miyendo m'mwamba ngati mayi woyembekezera, ndikuonera azungu akugulitsa nyumba pa TV.

Ndisanayambe mankhwala ndinali munthu wabwinobwino. Pano ndiye ndikudwala.

Lamulungu, 2 Malichi

Kutchalitchi ndapita ndi masandasi, kuzizira konseku. A Saulos, mkulu wa abambo, anandikokera pakona nthawi ya tiyi.

"Achimwene, holide yanji yosatha? Ndipo mapazi awa?"

Ndinawauza theka lake. Anapukusa mutu. Akuti mapilitsi a BP ndi msampha, ukangolowa sutulukamo, thupi limazolowera. Kenako motsitsa mawu, akuti amaphanso mphamvu za m'nyumba, mulamu wawo wa ku Stoke-on-Trent banja linatsala pang'ono kutha. Iwo akuti amangomwa madzi a manyumwa osakaniza ndi adyo, m'mawa uliwonse, ndipo kuchipatala sanapondeko chibwerereni ku UK.

Ndinaseka nawo. Koma mawu aja anabwera nane kunyumba.

Lolemba, 3 Malichi

Sindinamwe. Kam'bulu ndakachotsa m'pepala lake kuti N. akaona aziti ndamwa, n'kukaponya m'thumba la jekete ya yunifomu.

Lachinayi, 6 Malichi

N. ali pa mashifiti aatali sabata yonse, amachoka ndisanadzuke. Wandisiyira ntchito yodziyeza ndekha kawiri patsiku, chifukwa pepalalo ndilo ndikapereke kwa dokotala pa 14, iye alembe kalata yoti ndibwerere pa chiwongolero.

Makina anati 169/99. Ndalemba 146/88.

Bodzali ndalemba mosavuta. Ndi zimene zandiopsa.

Manyumwa ndi adyo ndikumwa. Tiffany akuti m'khitchini mukununkha "like something died".

Lolemba, 10 Malichi

Nsapato zalowa! Ndayenda nazo m'nyumba monse, kukwera masitepe, kutsika. Ndavala ndi yunifomu yomwe, kudziyang'ana pagalasi. Ndine uja.

Makina 181/104. Ndayeza dzanja linalo, 183. Ndalemba 141/86. Mwina makinawa ndi otchipa.

Lachitatu, 12 Malichi

Zaululika.

N. anali pa off. M'mawa ndikutsika masitepe wopanda sokosi, iye ali pansi ndi dengu la zochapa. Anangoima, maso pa mapazi anga.

"Miyendo yaphwa liti?"

Ndinati mapilo aja athandiza.

"Pa 10mg? Abambo a Tiffany, ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka 22. Khalani apo."

Anandiyeza yekha. 191/110. Anandifunsa ngati mutu ukupweteka, ngati ndikuona bwino, pachifuwa bwanji, ndikweze manja onse awiri, ndimwetulire. Mawu ake a ku ward, ozizira. Atatha anapita pa filiji, anamatula pepala lija, analiwerenga mzere ndi mzere. Ine ndinakatenga jekete ndekha n'kukhuthula patebulo. Tim'bulu khumi, tina titamatira ulusi wa m'thumba.

Ndimayembekeza kuti akalipa. Bola akanakalipa.

"Ndiye mumati mupite nalo kwa dokotala ili? Akupatseni basi? Anthu 70 kumbuyo kwanu, ana a sukulu, inu n'kugwera pa chiwongolero pa Moseley Road?"

Ndinati simukudziwa mmene zimakhalira, mwamuna kukhala m'nyumba ngati mphaka, mapazi ngati a njovu, mkazi wako akukuyeza ngati mwana wa kusikelo. Ndinatchulanso zija ananena a Saulos. Apo ndiye anaseka, kuseka koipa.

"A Saulos ndi dokotala wa kuti? Chimene chimapha mphamvuzo ndi BP yomweyo mukuisungayi. Munandifunsa ine? Dzulo ndasambitsa bambo wa zaka 48. Mkazi wake amabwera ndi chakudya, mwamuna sangathe kumeza. Ndikamamutembenuza ndimaona nkhope yanu. Tsiku lililonse ndimaona nkhope yanu. Ndiye ndifike kunyumba muzindinamiza?"

Kenako anatsegula kabati, anatulutsa mchere, anauika patebulo patsogolo panga.

"Kuyambira lero sindine nesi wanu. Thupi ndi lanu. Koma pepala ili likatuluka m'nyumba muno, ku depoti ndikaimba ndine."

Analowa kuchipinda. Ine ndinatsala ndi mchere ndi tim'bulu tanga.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndaimba ndekha kwa GP 8 koloko, ndinali nambala 14 pamzere wa foni. Andipatsa 11:10.

Ndinapita ndi mapepala awiri. Labodza lija, ndi lina limene ndakopera manambala enieni, poti kamakina kamasunga zonse, ine osadziwa. Ndinaika onse awiri pa desiki n'kunena kuti ili ndinapeka. Chingerezi chinandithawa, ndinangoti, "This one is lies."

Dokotala sanadabwe. Akuti si ine woyamba kusiya chifukwa cha akakolo, koma ndikanangobwera kudzanena, njira zilipo. Wandibwezera pa 5mg, n'kuwonjezera kam'bulu kena ka mtundu wina, akuti awiriwa akaphatikizana BP imatsika ndipo kutupa kumachepa. Anditenga magazi kuti aone impso. Manyumwa akuti ndisiyiretu, amachititsa kuti amlodipine achuluke m'magazi, munthu n'kuchita chizungulire. Za m'nyumba zija ndinafunsanso, maso ali pa khoma. Anayankha ngati ndafunsa za nyengo. Akuti zikavuta ndidzanene, koma BP yosasamalidwa ndiyo imawononga kwambiri.

Kalata ya kuntchito palibe. Mwezi wina, mwina iwiri. Ndipo ulendo uno sadalira pepala langa.

Ndamuuza N. madzulo. Anangoti, "Chabwino."

Lamulungu, 16 Malichi

Kutchalitchi sindinapite. N. ndi Tiffany apita okha.

Lachisanu, 21 Malichi

Tikukhala ngati anthu obwereka nyumba imodzi. Moni alipo, chakudya chilipo, koma za BP sakufunsa ngakhale kamodzi. Poyamba ndinkadandaula kuti akundilondalonda. Pano ndimayeza dala pa tebulo la m'khitchini iye ali pomwepo, makina n'kumalira, iye osatembenuka. 158/94. Ndinasiya kamakina kali koyaka kuti mwina aona. Anakasuntha kuti apukute patebulo.

Mchere uli pomwe anausiya. Palibe akuugwira, palibenso akuuchotsa.

A Saulos anaimba. Sindinayankhe. Ndiwauza chiyani, kuti nzeru zanu zanditsekera m'nyumba mwezi winanso? Komanso iwo sanandigwire dzanja. Ndinabisa ndekha.

Lachitatu, 26 Malichi

Reece watumiza meseji, akuti malo anga alipo, ndisade nkhawa. Ndawerenga kasanu.

Akakolo atupako pang'ono madzulo, koma nsapato zikulowa. 151/91. Zenizeni.

Lachinayi, 3 Epulo

Kuchipatala andimangirira makina oyeza BP maola 24. Lamba pamkono, kapaipi kodutsa m'malaya, kabokosi m'chiuno. Mphindi 30 zilizonse kamalira, lamba n'kufufuma, ndipo pamenepo uyenera kuima chilili, dzanja osaligwedeza, mpaka katamaliza. Manambala sakuoneka, madokotala akawerenga okha mawa. Zimene kapeze ndi zimene zipite kwa a laisensi.

Ndinabwerako cha m'ma 10. N. anali m'khitchini, lero ndi off. Ndinadzithirira tiyi. Ndangonyamula kapu kuti ndimwe, kabokosi kaja pwiii. Ndinauma pomwepo, kapu m'mwamba, kukamwa kuli yasa, lamba akundifinya.

Anandiyang'ana. Anayesa kubweza nkhope ku sinki, koma mapewa anayamba kugwedezeka. Kenako anaphulika kuseka, mpaka kugwira m'mimba.

"Aka ndiye simukanamiza."

Ndinafuna kuyankha, iye n'kuti, "Shh, musalankhule, kangayambirenso." Anabwera, anandilanda kapu, n'kuika chikhato chake pansi pa chigongono changa kuti mkono ukhale bwino. Tinaima choncho tonse awiri, chete, tikumvera kamakina kakuwerenga.

Lamba anaphwa. Kabokosi kanasiya kulira. Dzanja lake sanalichotse.