Nalimata Wafera mu Mtsuko wa Amayi Ako

Kwa iwe Tiriza, mwana wanga, ku Turo,

Mtendere ukhale nawe, pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Kodi chifuwa cha mdzukulu wanga Ahiya chinasiya? Kuno ku Tekowa tili bwino, kupatula bondo langa lija. Mvula inagwa mokwanira, ndipo barele wayamba kucha.

Ndikulemba za mtsuko wa amayi ako, uja wa zogwirira ziwiri umene ankasungiramo ufa. Ukudziwa kuti anauumba okha kwa agogo ako ali ndi pakati pako, ndipo chala chawo chachikulu chinadindika pansi pa chogwirira chimodzi. Asanatisiye anandiuza kuti mtsukowo ndi wako, ndiusunge mpaka udzabwere.

Ukumukumbukira nalimata wa pakhoma uja, pamwamba pa nyale? Amayi ako ankamutcha mlamu wawo, ati chifukwa amaoneka nthawi ya chakudya basi, pa ntchito ayi. Chichitikire maliro, ndi iyeyo amene ndakhala naye m'nyumba muno. Ndikamadya ndinkamuyang'ana akusaka tizilombo, ndipo nthawi zina ndinkamulankhula.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kukatapa ufa, n'kumupeza m'kati mwa mtsuko ali chagada, atafa. Dzulo lake ndinali nditaiwala kuvundikira. Amayi ako sankaiwala.

Lamulo ukulidziwa. Nalimata wamoyo angayende pakhoma chaka chonse, palibe kanthu. Koma akafera m'chiwiya chadothi, zam'katimo zadetsedwa, ndipo chiwiyacho chiyenera kuswedwa. Ufa ndinataya. Mtsuko ndinapita nawo kuseri pamwala paja, koma manja anakana. Ndinauika pansi pa mkuyu n'kuufunditsa chiguduli.

Azakhali ako a Yekoliya ndiwo anaupeza. Anandifunsa ngati ndapeza mkazi wina amene ndikumubisa kuseri atafunda chiguduli, ati bwanji osamulowetsa m'nyumba mlamu wangayu. Nditawafotokozera, kuseka kunatha. Anati achimwene, Paska wayandikira, adzukulu anga amasewera pompano, mmodzi adzatungiramo madzi n'kutimwetsa tonse. Anati mukapanda kuuswa sindidzadyanso pakhomo pano, ndipo mkate muzikanda nokha. Analankhula molimba, koma pochoka ndinawaona akupukuta maso. Mawa lake mkate unabwera.

Ndinapita kwa Mataniya Mlevi, mnzanga wa paubwana. Ndinamufunsa ngati sindingauviike m'madzi mpaka madzulo, monga timachitira ndi mbale yamtengo kapena thumba lachikopa. Anati iwe Pedaya, malemba tinaphunzira pamphasa imodzi, ndipo wowodzera ndinali ine, ndiye usandifunse zimene ukuzidziwa kale. Anati dothi limamwa, madzi sangalitsuke.

Ndinati ndiye ndingousunga, osaugwiritsa ntchito. Anandifunsa kuti ndidzakupatsa bwanji chinthu choti sungathiremo ngakhale mchere, choti uzichibisira ana ako moyo wako wonse.

Kenaka anandiuza motsitsa mawu kuti chidetso chimakhala pa mtsuko pamene ukadali mtsuko. Ukasweka, mapale ake ndi dothi chabe. Munthu atha kuwagwira, atha kuwasunga, atha kuwatumiza kutali.

Anadzipereka kudzandiswera, koma ndinakana. Ndinatenga kamwala n'kugogoda pang'onopang'ono mozungulira chogwirira chija, monga amayi ako ankaswera mtedza kuti njere ituluke yathunthu. Azakhali ako anaima pambali panga, osalankhula kanthu, zimene ukudziwa kuti sizichitika kawirikawiri. Mtsuko unalira kamodzi n'kugawanika. Mapale enawo ndinawakwirira pansi pa mkuyu pomwepo.

Mwana wanga, undikhululukire. Amayi ako anandisungitsa chinthu chimodzi chokha, ndipo sichinafike kwa iwe chathunthu. Nalimata sindikumuimba mlandu. Anakalamba ngati ine, ndipo mwina miyendo inangomuleka ali pamwamba.

Sefatiya wogulitsa ubweya, amene akubweretsera kalatayi, akupatsanso kansalu komanga. M'menemo muli phale la chogwirira chija. Ndi loyera, usaope kuligwira. Uike chala chako chachikulu m'kadzenje kamene chala cha amayi ako chinasiya. Ine ndayesa, changa n'chotambalala, sichilowamo. Undiuze ngati chako chikukwana, chifukwa ndakhala ndikuganiza kuti manja unatengera iwowo.

Ndipo ngati amuna ako angalole, ubwere ndi ana pa chikondwerero cha misasa. Sindikukukakamiza, ulendo ndikuudziwa kutalika kwake. Kungoti tsopano pakhoma paja palibe woyang'ana, ndipo ndikayatsa nyale ndimadya msangamsanga.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako. Ahiya umuuze kuti mwana wa mbuzi amene ndinamulonjeza wabadwa, ndi wamawanga. Azakhali ako akupereka moni, ati usamvere zodandaula zanga, ndikudya bwino. Mulungu wa makolo athu akusunge polowa ndi potuluka, ndipo ufa usathe m'nyumba mwako. Uzivundikira mitsuko yako.

Ndine bambo ako,
Pedaya