Amuna athu akana phala

Mayi a Useni,

Pepani, mbale ndasiya zosatsuka, ndathamangira kwa shehe ku Liwaladzi. Amuna athu akananso phala, ati akufunga Ramadani. Kufunga kwanji munthu akutsegula m'mimba chonchi? Chibwerere ku Salisbury kokawotcha chotupa chapakhosi ndi makina kuja, malovu adauma, futali ya dzulo asanza yonse. Dokotala adati akaonda sawawotchanso. Ine sandimvera, mwina shehe akawauza kuti wodwala safunga, amva.

Aphikireni madzi a mpunga, tsabola wanu uja lero ayi. Akakana musalimbane nawo, kulankhula kukuwapweteka.

Ndikuopa, mnzanga. Munthu ankakoka khoka uja, m'mawa uno ndawanyamula ndekha kupita nawo kuchimbudzi. Sanandilemere n'komwe.

Asiya